Amene Anatsuka Injini ya Kamphepo

Zitsulo zinali zitayalidwa pa nyuzipepala zakale, pamwamba pa tebulo la m'shedi yotsukira, chilichonse pamalo pake. Mapisitoni anali pamzere wawo, maboti aakulu paokha, aang'ono paokha, ndipo ngakhale tizidutswa tophwanyika tinali titaikidwa mwaulemu ngati mbale za alendo. Zonse zinali mbee, zopanda ngakhale kadontho ka oyilo.

Sajeni anaima pakhomo osalowa. Pa ntchito yake ya upolisi anali ataonapo umboni wobedwa, wowotchedwa, ndi wina wodyedwa ndi makoswe m'chipinda chosungira katundu. Umboni wosambitsidwa anali asanauonepo.

"Mayo ine," anatero Woyeza, mkulu woyeza magalimoto a ngozi amene anabwera naye. Kamera imene anaiwala Lachisanu lero inali ikulendewera pamimba pake. "Sajeni, yatha nkhani iyi."

Galaja imeneyi sinali ya maminibasi otopa. Kunkabwera anyamata ovala mawotchi olemera, ofuna kuti galimoto zawo zizibangula ndi kuthamanga kuposa mmene eni fakitale anazipangira. Injini inkatsitsidwa, inkaikidwa zitsulo zamphamvu zochokera kunja, kenako Kamphepo, dalaivala wa pagalajapo, ankakaiyesa pamsewu waukulu mwini wake asanaitenge. Lachinayi masana Kamphepo anatuluka ndi galimoto yofiira ndipo sanabwererenso. Konirodi, chitsulo chonga mkono chimene chimagwira pisitoni, inathyoka galimoto ili pa liwiro n'kuboola injini m'nthiti. Oyilo anakhuthukira pamatayala. Galimoto inazungulira, inawomba bambo wina wa panjinga, n'kukathera pachipilala cha mlatho. Onse awiri anafera pomwepo.

Mwini galaja ananena kuti zitsulo zonse zinali zatsopano, zotuluka m'katoni, koma kuti Kamphepo anaponda moto ngati wamisala. Anthu anagwirizana nazo msanga, paja wakufa sadziyankhira. Koma Lachisanu, injini itatsegulidwa pamaso pa Woyeza, panaoneka zina.

"Tandiuzaninso zimene munaona," anatero Sajeni.

"Chitsulo chatsopano chikathyoka, pothyokapo pamawala ponse, ngati mwathyola nzimbe. Koma ichi," anatola chidutswa cha konirodi ndi zala ziwiri, "theka lake linali lakuda bii. Mng'alu wakale umenewo, oyilo wopsa atalowamo kalekale. Chitsulo chotola kwa ogulitsa zakutha, Sajeni. Anangochisambitsa n'kuchiveka katoni." Anachitembenuza. Pothyoka ponse panali potuwa mofanana. "Taonani lero. Asidi wadya zonse."

"Nanga munazisiyiranji kuno?"

"Galimoto yathu inalibe mafuta. Ndinaziika m'kireti, ndinamata tepi, ndinasaina pamwamba, anatsekera mu sitolo. Mumafuna ndisenze pamutu?"

"Koma munaona ndi maso anu. Mukanena m'khoti."

"Loya akandifunsa chithunzi ndikamuonetse chiyani, mimba yangayi? Ayi, mayi, ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Sindikufuna kukasekedwa ndi ana a sukulu."

Sajeni analowa m'shedimo. Munali fungo lolasa m'mphuno. Pakona panali mgolo waukulu wa madzi a soda, wokhala ndi waya wa magetsi wotenthetsera, ndipo pambali pake beseni la asidi lovundikira ndi lata. Anagwira mgolowo ndi kuseri kwa dzanja. Unali ukadali wofunda pang'ono. Ntchitoyi inagwiridwa dzulo, Lamulungu, galaja ili yotseka.

Chinamuvuta chinali china. Munthu wofuna kubisa mlandu akanangotenga chidutswa chimodzicho n'kukachiponya m'chimbudzi. Uyu anatsuka boti iliyonse, anakwecha ndi bulashi mpaka m'timabowo, anapukuta, anayala. Chigawenga chanji chopanda changu chotere?

Pa lata lovundikira asidi panali chizindikiro cha dzanja la girizi: chikhatho chonse ndi zala zisanu. Sajeni anawerama. Dzanjalo linali lopanda mizere, losalala ngati lodinda ndi mphira.

"Magolovesi," anatero Woyeza kumbuyo kwake. "Wochenjera ameneyu."

*

Mwini galaja ankafuna kuti azitchedwa a Dayirekita, ndipo mawuwo anali olembedwa pachitseko, pa tebulo ndiponso pa kapu yawo. Ofesi yawo inali yozizira ngati mufiriji. Pakhoma panali zithunzi za galimoto zothamanga, ndipo pa chimodzi Kamphepo anali akumwetulira atanyamula chikho.

"Madamu, ine zandikhudza kuposa inu," anatero a Dayirekita atagwira pachifuwa. Zikhadabo zawo zinali zoyera kuposa za namwino. "Umboni umenewo ukanandiyeretsa ine. Amene wachita izi wandipha."

"Dzulo munali kuti?"

"Kumaliro. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tenti ndi yanga, mipando ndi yanga. Ndinayankhulanso, anthu analira. Funsani aliyense."

"Mlonda wanu?"

"Ndinamutenga kuti akathandize kunyamula mipando. Ife pano ndi banja limodzi, Madamu. Wina akagwa, tonse timathamanga."

"Ndiye galaja inatsala yokha."

"Geti linali lokiya. Kuli kachipata kena kumbuyo, ka antchito, koma ndani angaganize zakuba pa nthawi ya chisoni ngati ino?"

"Kireti anaisiya mu sitolo. Yapezeka bwanji m'shedi yotsukira?"

A Dayirekita anayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa kumeneko. "Aa, Loweruka kunabwera katundu watsopano, malo anachepa. Ndinauza Folomani kuti aisunthe. Tepi sitinaikhudze. Ine malamulo ndimawalemekeza kwambiri, mchimwene wanga ndi loya."

"Zitsulo za m'galimoto yofiira munazigula kuti?"

"Kunja. Ife sitigwira zakutha. Makasitomala athu ndi anthu odziwika, Madamu, ena mwina ndi mabwana anu." Anamwetulira. "Mumwa chozizira?"

"Amatsuka zitsulo pano ndani?"

Kumwetulira kuja kunasanduka nkhope ya maliro, mwachangu ngati munthu wosintha giya. "A Sopo. Ndi dzina lowapatsa anyamata. Mdala wathu wokhulupirika, anayamba ntchito ndi malemu bambo anga. Koma chonde, Madamu, amenewo musawavutitse. Ali pamphasa akulira."

"Kamphepo anali mnansi wawo?"

"Anali mwana wawo. Mmodzi yekhayo."

*

Folomani anamupeza atagona chagada pansi pa galimoto yokwezedwa pa jeki. Ankaoneka miyendo yokha, ndipo anaonetsa kuti sakufuna kuonetsa zambiri.

"Munasuntha kireti ndinu?"

"Eya."

"Chifukwa?"

"Anandiuza."

"Malo ena panalibe? Bwalo lonseli?"

Sipanala inalira pa boti. "Ananena kuti m'shedi mwa a Sopo. Ine mutu ndimausiya kunyumba, Madamu, kuno ndimabwera ndi manja okha."

"Dzulo munali kuti?"

"Kumochale, pamzere, ndi alamu ake a Kamphepo. Tikudikira dokotala woti ang'ambe thupi atipatse. Sanabwere. Akuti mwina mawa. Mnzathu akuzizidwa mufiriji, ife tikupsa panja."

Sajeni anagwada, bondo limodzi pasimenti ya mafuta, n'kusuzumira. Folomani anali bambo wa imvi zochepa, maso ake ofiira.

"Magolovesi mumasunga kuti?"

Kwa nthawi yoyamba munthuyo anaseka, kuseka kouma. "Magolovesi? Pano? Madamu, ngakhale sopo wosambira m'manja timabwera naye tokha. Magolovesi tinawaona tsiku limene kunabwera ojambula za pa kalendala. Atachoka anawatolera."

"Mwa anyamata anu, ndani angatsuke injini mmene yatsukidwira ija?"

Sipanala inasiya kulira.

"Anyamata anga amatsuka ngati mphaka. Kunyambita pamwamba basi."

"Ndiye ndani?"

"Sindinaone."

"Kamphepo anali mnzanu?"

"Ndinamuphunzitsa kugwira chiwongolero asanamere ndevu." Kenako anayankhula motsitsa, maso ali pa chitsulo chimene chinali pamwamba pa nkhope yake. "Iwe galimoto iwe, ukudziwa zodabwitsa za pano? Zitsulo zimabwera madzulo m'matumba a simenti zili nkhalamba. Zimalowa m'shedi muja. Zikatuluka zimakhala makanda. Makatoni ake amadikira mu sitolo, ngati matewera."

"Amene amatsukayo amadziwa?"

"Amene amatsukayo amatsuka. Chimene chalowa m'shedi mwake chakuda sichigona chakuda. Safunsa n'cha ndani, chikupita kuti. Maso ake anatha ndi nthunzi ya soda, amaona ndi zala."

"Zimenezi mungazinene m'khoti?"

"Ndanena chiyani, Madamu? Ine ndimayankhula ndi galimoto. Ana anga ali pasukulu." Dzanja lakuda linatuluka n'kupapasa pansi. "Tandikankhireniko sipanala yaying'onoyo."

*

Kutsidya kwa msewu kunali kontena ya mayi wogulitsa zakumwa ndi mayunitsi. Sajeni asanafunse n'komwe, mayiyo anali atamukokera kale mpando.

"Khalani, achemwali, ndakuonani kalekale mukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Inetu anthu amenewa anandigonthetsa khutu ili. Tsiku lonse vuu! vuu! Makasitomala anga amayitanitsa ndi manja. Koma Kamphepo yekha anali ndi ulemu, akamatuluka pageti ankayenda pang'onopang'ono kuti asandithire fumbi. Lero akuti anali wamisala. Wamisala amapewa fumbi?"

"Dzulo munatsegula?"

"Nditachoka kutchalitchi. Njala sidziwa Lamulungu."

"Munaona munthu akulowa?"

"Pageti ili ayi, ndingalumbire. Koma nthunzi ndinaiona. Padenga la shedi paja panafuka kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka kupendeka, ndi kafungo kaja kotsamwitsa. Ndinati, koma bwana uyu ndi mfiti, mnzawo ali mufiriji iye akugwiritsa anthu ntchito."

"Kachipata ka kumbuyo kamatulukira kuti?"

"Kanjira ka m'mbali mwa ngalande. Kamakafika kunyumba za antchito, kumene kuli malirowo. Si patali, mwana wanga amapita n'kubwera madzi asanawire." Anatsitsa mawu. "Mwamva za miyala? Abale a bambo wa njinga uja anapita kumeneko Loweruka. Anaswa zenera. Akuti mwana wanu watiphera munthu, nanunso muona. Kamtsikana ka Kamphepo kanabwera kudzagula machesi dzulo, anzake akukakuwiza kuti mwana wa chigawenga. Kamwana kosatha n'kumanga zingwe za nsapato komwe! Achemwali, inu ndi apolisi, tachitanipo kanthu."

Sajeni analipira botolo la madzi limene sanamwe n'kutsata ngalande ija.

*

Nyumba inali ya zipinda ziwiri, ya malata a dzimbiri. Pazenera losweka anali atatsekapo katoni yolembedwa dzina la kampani ya mapisitoni. Pabwalo panali tenti yoyera, yaikulu kuposa nyumbayo, ndipo pansi pake anthu anali atakhala motopa, pakuti maliro opanda thupi amalemera kuposa ena.

Mkazi wa Kamphepo anamuona Sajeni ali patali. Anadzuka pakati pa amayi n'kumukokera kuseri kwa nyumba, kumene kunali chingwe choyanikira ndi benchi. Anali mtsikana wowonda, wa maso ouma. Lachisanu Sajeni anali atamuuza za mng'alu wakuda uja. Sanayenere kutero, koma anaona nkhope yake n'kulephera kudzigwira.

"Mwajambula?" anafunsa mkaziyo. "Mwamugwira?"

"Tikadafufuza."

"Musandiyankhe za pawailesi. Ndawauza kale ana kuti bambo awo sanaphe munthu, chinapha ndi chitsulo chowola. Ndawauza kuti apolisi ali nacho. Muli nacho?"

Sajeni anayang'ana zovala za pachingwe. "Wina watsuka zitsulo zija ndi asidi. Kuda kuja kwachoka."

Mkaziyo sanalire. Anangogwira chingwe choyanikira mpaka chinalowa m'zala.

"Ndi mwini galaja uja," anatero. "Dzulo anaima apo, akupukuta maso ndi kampango konunkhira."

"Dzulo sanachoke pano. Anthu onsewa ndi mboni zake."

"Ndiye watuma munthu."

"Apongozi anu ali kuti? Ndikufuna ndiwapepese."

Anawabweretsa atawagwira pamkono. A Sopo anali nkhalamba yaifupi, yovala jekete lakuda lowakulira m'mapewa. Maso awo anali otuwa ngati galasi lopumirapo. Atamva kuti ndi wapolisi anavula chipewa.

"Pepani, bambo," anatero Sajeni n'kupereka dzanja.

Analilandira ndi manja awiri. Sajeni anamva ngati wagwira botolo. Zikhatho zinali zosalala, zolimba, zopanda mzere ngakhale umodzi. Soda wa zaka zambiri anali atafufuta zonse. Pakati pa zala panali zilonda zatsopano, zofiira, zonyowa. Ndipo kuchokera m'manja a jekete munkatuluka kafungo kolasa m'mphuno.

Sajeni sanathe kulibweza dzanja lake msanga.

*

Anakhala pabenchi awiriwo, a Sopo chipewa chili pamaondo. Mpongozi wawo anaima chotsamira khoma.

"Bambo, manja anu apsa."

"Azolowera, mayi. Amapola okha."

"Dzulo masana munachokapo pano?"

"Ndinachokapo. Ndinati ndikawongole miyendo." Anatembenuzira nkhope kumene kunali mpongozi wawo. "Pepa, mwanawe, sindinakutsanzike. Unali utagona pang'ono, ndinati ndisakudzutse."

"Munapita kuti?"

"Kuntchito."

Mpongozi uja anachoka pakhoma.

"Ndani anakuuzani kuti mupite?" anafunsa Sajeni.

"Palibe. Bwana anabwera m'mawa, anakhala nane apa pomwe mwakhalapa. Anandipepesa bwino. Ndiye pocheza anati, mdala, injini imene anafera nayo mwana wathu taiika m'shedi mwanu, tinasowa poiika. Akuti ili mmene inalili, magazi a oyilo okhaokha ndi dothi la pamlatho, yomvetsa chisoni. Anangotero basi, n'kupita kukaona za mipando."

Anasisita chipewa ndi chala chachikulu.

"Ndinakhala, mayi. Ndinayesetsa kukhala. Koma mwana wanga ali m'chipatala muja kuyambira Lachinayi, akukana kundipatsa. Ndinapempha kuti ndingomupukuta kumaso kokha, akuti ayi, mpaka dokotala. Ali ndi fumbi la pamsewu m'tsitsi mpaka lero. Ine ndasambitsa zitsulo za anthu moyo wanga wonse, wanga ndikulephera kumusambitsa. Ndiye ndinati, chabwino, chimene ndingathe ndi chimenechi. Iye ankakonda injini yoyera. Akabwera m'shedi ankati, adadi, zitsulo zanu munthu angadyerepo."

"Pa kireti panali tepi."

"Zonse zimabwera zomanga, mayi. Zina ndi waya, zina ndi chingwe. Ndimadula."

"Simunaone kuti pasainidwa?"

"Ine zolemba ndinasiyana nazo kale." Anamwetulira pang'ono, ndipo m'mawu awo munalowa kunyadira kwa mmisiri. "Yatuluka bwino koma. Kachidutswa kamodzi kokha ndi kamene kanandivuta. Nditakabweretsa pafupi ndi diso, padzuwa, ndinaona kuti mbali imodzi n'kakuda, kuda kolowa mkati. Soda anakalephera. Bulashi inakalephera. Ndinakabwezera mu asidi, n'kukabwezeranso, mpaka kanagonja."

Mpongozi uja anatulutsa mawu ang'ono, ngati munthu wobayidwa ndi singano.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Sopo. "Ndalakwa kugwira katundu wa boma?"

Mpongozi wawo ndiye anayankha. Anagwada patsogolo pa apongozi ake n'kuwauza zonse, mosakweza mawu, mosathamanga: za mng'alu wakale, za makatoni a mu sitolo, za chithunzi chimene sichinajambulidwe. Anawauza kuti kuda kumene anakugonjetsako ndiko kokha kumene kukanauza dziko kuti mwana wawo sanali wamisala.

A Sopo anamvetsera mpaka kumapeto. Chipewa chinagwa pansi, sanachitole. Anatambasula manja awo pamaondo, zikhatho kumwamba, ngati ndi zinthu zimene wina wawasungitsa.

"Konirodi imeneyo," anatero, "isanalowe m'galimoto, inadzera kwa ine?"



"Inadzera kwa ine," anadziyankha.

Sajeni anatulutsa cholembera. Anali ataona kale mmene mlanduwo ukathere. Mdala wosaona bwino, amene wawononga yekha umboni, akaime m'khoti kunena kuti anaona kuda pa kachitsulo. Mchimwene wa a Dayirekita akamudya osatafuna. Chidutswa chikanasowa, aliyense akanaloza mwini galaja. Koma chilipo, chatsukidwa ndi bambo wa malemu, ndipo mwini galaja anali pa tenti akuliritsa anthu. Panatsala khomo limodzi lokha.

"Bambo, mvetsetsani funso langa, musafulumire kuyankha. Ngati bwana wanu anakutumani kuti mukatsuke, ndiye kuti anawononga umboni dala. Pamenepo ndingamumange, ndingatsegule sitolo yake, ndingamufunse za makatoni. Ngati sanakutumeni, ndilibe pogwira. Tsono kumbukirani bwino. Anakuuzani kuti mukatsuke?"

"Anangoti zili m'shedi mwanga."

"Sananene kuti zingakhale bwino zitayera? Sananene kuti mdala, kachiteni zija mumachita?"

"Sanatero."

"Bambo!" Mpongozi anawagwira mawondo. "Anakutumani! Munthu akaika nyama pakhomo pa galu, amafunikanso kunena kuti idya? Amakudziwani, anadziwa kuti simungagone. Kumeneko ndi kutuma. Nenani kuti anakutumani!"

"Mwanawe, mawu amenewo sanatuluke pakamwa pake."

"Ndani anamva? Munali awiri. Mawu amodzi okha, bambo. Si a ine ayi, ndi a adzukulu anu. Akuwatcha ana a chigawenga. Adzakula nalo dzina limenelo, adzakwatiwa nalo. Mawu amodzi!"

Sajeni anayang'ana pansi. Anali ataika kale nsonga ya cholembera papepala. Anadziwa kuti mdalayo akangoti eya, iye alemba osafunsanso kachiwiri, ndipo anadziwanso kuti zimenezo zikusonyeza kuti iye ndi wapolisi wotani. Anadikira.

Kutsogolo kwa nyumba amayi anayamba nyimbo, motsitsa, mwaulesi wa anthu amene ayimba masiku ambiri.

A Sopo anatsegula pakamwa, anatseka. Misozi inatsika m'makwinya n'kulowa m'kolala ya jekete.

"Ndikakaima pamaso pa woweruza, adzandigwiritsa Buku Lopatulika," anatero. "Ndikanama pamenepo, mwana wanga ndidzakamuyang'ana bwanji? Ndamupha ndi manja awa kawiri. Ndimuphenso ndi pakamwa?"

"Wafa kale, bambo! Amoyo ndi awa!"

"Sanandiuze kuti nditsuke," anatero a Sopo. "Lembani choncho, mayi. Ndinapita ndekha."

Mpongozi anachotsa manja ake pamaondo awo. Anadzuka, anakonza mpango wake kumutu, n'kuwayang'ana nthawi yaitali ndi maso ouma aja.

"Mukawauze nokha adzukulu anu," anatero. "Ine ndinawalonjeza zina."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, mosamenyetsa.

Sajeni analemba mawu a mdalayo monga anawanenera. Anali ochepa, sanadzaze n'komwe theka la pepala. Atamaliza anakumbukira kuti mwa anthu onse amene anawafunsa tsikulo, uyu yekha ndiye anavomera kuti anagwira umboni, ndipo lamulo linali ndi dzina la mlandu umenewo.

"Mundimanga lero?" anafunsa a Sopo.

"Ayi, bambo."

"Mukadzafuna, mudzandipeza. Koma chonde mudikire ndiike kaye mwana." Anapapasa pansi kufuna chipewa. Sajeni anachitola n'kuwaika m'manja. "Mawa ndiyenera kukaonekera kuntchito ngakhale pang'ono. Nyumba ino ndi ya galaja, ndipo ana awa alibe kwina kogona."